Mpando wa pulezidenti: tiwerenge zaka kapena tifunse za thanzi?

M'zaka zisanu ndi chimodzi zokha, Zambia inaika m'manda apulezidenti awiri omwe anamwalira ali pampando. Mbiri ya maliro amenewa ikuonetsa kuti chomwe chinazunza dziko kwambiri si imvi za atsogoleri, koma kubisa matenda ndi kusakonzeratu wolowa m'malo.

Pa 12 Ogasiti 2021, anthu a ku Kaumbwe m'boma la Petauke analawirira kukaima pamizere monga anachitira anzawo m'dziko lonse, koma tsikulo sanasankhe phungu wawo. Yemwe ankaimira chipani cha UPND pa mpandowo anamwalira chisankho chitayandikira, ndipo malamulo a nthawiyo ankati woimira akamwalira mayina atalandiridwa kale, bungwe la Electoral Commission of Zambia liimitse chisankho cha mpando umenewo n'kulandiranso mayina. Nyumba ya Malamulo inatsegulidwa ku Lusaka mpando wa Kaumbwe uli wopanda munthu. Anthu anabwereranso kukavota mu Okutobala, n'kusankha Dr Aaron Mwanza a chipani cha PF.

Imeneyi inali imfa ya munthu mmodzi wofuna uphungu, ndipo dera lonse linakhala miyezi iwiri lopanda wolilankhulira. Nanga zikachitikira yemwe wanyamula dziko lonse? Funsoli limabwera nthawi iliyonse masankho akayandikira, pamsika wa Petauke, pakati pa amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu ku Nyimba, ngakhale pamaliro usiku abambo akuwotha moto. Achinyamata amati nkhalamba zipume, dziko ndi lawo tsopano. Akuluakulu amayankha kuti galu wamkota sakandira pachabe. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma zonse zimakonda kukakamira pa nambala ya zaka, pomwe zomwe Zambia yadutsamo zikuloza kwina.

Maliro awiri, masankho asanu

A Levy Mwanawasa analowa ku State House mu Januwale 2002 ali ndi zaka 53. Palibe amene akanawatchula nkhalamba. Komabe nkhani ya thanzi lawo inkawatsata kuyambira pa ngozi ya galimoto ya mu Disembala 1991, ali wachiwiri kwa pulezidenti, yomwe inawasiya akulankhula movutikira pang'ono. Otsutsa ankawanyoza ndi dzina loti kabichi. Mu Epulo 2006 anagwidwa ndi sitiroko yaing'ono, nachira, napambananso chisankho mu Seputembala chaka chomwecho. Pa 29 Juni 2008, ali ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt komwe kunali msonkhano wa African Union, sitiroko inawagwiranso, ulendo uno mwamphamvu. Anawatengera ku chipatala cha asilikali cha Percy, pafupi ndi Paris.

Kwa masabata asanu ndi awiri dziko linkangodalira timawu tochepa tochokera ku boma. Mphekesera inakula mpaka kumayambiriro kwa Julayi wailesi ina ya ku South Africa inalengeza kuti amwalira, ndipo pulezidenti wa dzikolo, a Thabo Mbeki, anapempha anthu pamwambo wina kuti akhale chete kwa kanthawi powakumbukira, pomwe eni ake anali akupumabe. Anamwalira pa 19 Ogasiti 2008 ali ndi zaka 59.

Malamulo a nthawiyo ankafuna chisankho china pasanathe masiku 90. A Rupiah Banda, mwana wa Kum'mawa yemwe a Mwanawasa anakamutenga ku famu yake ku Chipata kuti akhale wachiwiri wawo, anapambana pa 30 Okutobala 2008 ali ndi zaka 71, poposa a Michael Sata ndi mavoti pafupifupi 35,000. A Sata nawonso chaka chomwecho, mu Epulo, anali atadwala mtima mwadzidzidzi mpaka boma linawathamangitsira ku Johannesburg.

A Sata anapambana mu Seputembala 2011 ali ndi zaka 74. Pofika pakati pa 2014 aliyense wokhala ndi maso ankaona kuti a Sata, omwe ankatchedwa King Cobra, afooka. Mu Juni anasowa pagulu, ndipo boma linati apita ku Israel kukapuma kwinaku akugwira ntchito. Pa 19 Seputembala anatsegula Nyumba ya Malamulo ndi mawu otsika, nachita nthabwala kuti sanafe. Patangopita masiku ochepa analephera kulankhula pamsonkhano wa United Nations ku New York. Dziko likukondwerera zaka 50 za ufulu pa 24 Okutobala, iwo anali ku London. Anamwalira pa 28 Okutobala 2014 ku chipatala cha King Edward VII, ali ndi zaka 77. Kwa miyezi yambiri izi zisanachitike, nduna zinkauza anthu kuti pulezidenti ali bwino ndipo akugwira ntchito.

Zotsatira zake anthu akuzikumbukira. A Guy Scott, wachiwiri kwa pulezidenti, anagwirizira mpando, koma sakanaima pachisankho chifukwa makolo awo sanabadwire m'Zambia. Maliro asanaikidwe n'komwe, anachotsa a Edgar Lungu pa ulembi wamkulu wa PF, mu Lusaka munabuka zipolowe, ndipo m'mawa mwake anawabwezera. Chipani cholamula chinagawikana mpaka kukokerana kukhoti. Chisankho chinachitika pa 20 Januwale 2015, pakatikati pa dzinja, nthawi yomwe mlimi wa kwa Mwanjawanthu kapena kwa Ndake amakhala akupalira ndi kuthira feteleza, mitsinje itadzaza, misewu yakumidzi itasanduka matope. M'malo ena zipangizo zovotera zinafika mochedwa chifukwa cha mvula. Pa anthu atatu aliwonse olembetsa, mmodzi yekha ndiye anavota. A Lungu anaposa a Hakainde Hichilema ndi mavoti 27,757.

Tikawerenga 2006, 2008, 2011, 2015 ndi 2016, Zambia inachita masankho asanu a pulezidenti m'zaka khumi. Awiri mwa amenewa anabwera ndi maliro. Chisankho chilichonse chimadya ndalama zomwe zikanagula mankhwala kapena kulipira alimi ogulitsa chimanga ku bungwe la FRA pa nthawi yake, ndipo nduna zikakhala pa kampeni, mafayilo m'maofesi amangogona. Choncho amene amati thanzi la mtsogoleri ndi nkhani ya iye ndi banja lake akulakwitsa. Ndi nkhani ya aliyense wokhoma msonkho ndi aliyense wodikira thandizo la boma.

Tikanaika malire a zaka

Yankho lomwe ambiri amathamangira ndi loti lamulo liike malire. Mfundo yawo ndi yomveka: m'Zambia wogwira ntchito m'boma amapuma ali ndi zaka 60, angathe kupuma msanga pa 55 kapena kupitiriza mpaka 65, ndipo woweruza milandu m'makhoti akuluakulu amapuma akafika 70. Nanga bwanji ntchito yaikulu kuposa zonse ilibe malire? Malamulo aakulu a dziko amangoti wofuna upulezidenti akhale ndi zaka zosachepera 35, monganso zilili ku Malawi. Za kumtunda sanenapo kanthu.

Tiyeni tiyese malire a zaka 70 pa anthu omwe tikuwadziwa. Akanatsekereza a Sata mu 2011, ndipo ku Malawi akanatsekereza a Bingu wa Mutharika, omwe anamwalira ali pampando mu Epulo 2012 ali ndi zaka 78. Apa a mbali ya malire apambana. Koma malire omwewo akanatsekerezanso a Rupiah Banda, omwe anamaliza nthawi yawo ali amphamvu, navomera kugonja mu 2011 misozi ili m'maso, nakhalanso ndi moyo zaka zoposa khumi mpaka pa 11 Malichi 2022, atakwanitsa zaka 85. Akanatsekereza a Nelson Mandela, omwe analumbira mu 1994 ali ndi zaka 75, nalamula zaka zisanu n'kutula pansi okha udindo.

Ndipo malirewo sakanagwira a Mwanawasa. Sakanagwira a Umaru Yar'Adua a ku Nigeria, omwe anamwalira mu 2010 ali ndi zaka 58, kapena a John Atta Mills a ku Ghana, omwe anamwalira mu 2012 ali ndi zaka 68, kapena a John Magufuli a ku Tanzania, omwe anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 61. Onsewa anafera pampando.

Chitsanzo chomwe chimakhudza kwambiri anthu a ku Petauke ndi cha a Edgar Lungu, omwe makolo awo amachokera m'boma lomweli. Atangolamula masabata asanu ndi limodzi, pa 8 Malichi 2015, anagwa pamwambo wa tsiku la amayi ku Heroes Stadium. Anali ndi zaka 58. Ulendo uno State House sinazungulire: inanena kuti ali ndi vuto la kuchepa kwa njira ya chakudya pakhosi, lomwe anali nalo kalekale, ndipo anapita ku South Africa kukalandira chithandizo. Anabwerako n'kulamula mpaka 2021. Pambuyo pake ankafuna kudzaimanso mu 2026, koma khoti la Constitutional Court linagamula pa 10 Disembala 2024 kuti sangaime chifukwa anasankhidwa kale kawiri. Anamwalira ku Pretoria pa 5 Juni 2025 ali ndi zaka 68. Akanaloledwa kuima, malire a zaka 70 sakanawakhudza, koma tsiku lovota silikanawapeza. Kumbali ina, a Kenneth Kaunda anachoka pampando mu 1991 ali ndi zaka 67, nakhala ndi moyo pafupifupi zaka 30 zina mpaka pa 17 Juni 2021, ali ndi zaka 97.

Palinso ngozi ina pa malamulo otsekereza anthu. Mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linasintha malamulo kuti wofuna upulezidenti akhale woti makolo ake onse ndi obadwira m'Zambia. Aliyense ankadziwa kuti msamphawo watcheredwa a Kaunda, omwe makolo awo anachokera ku Nyasaland. UNIP inanyanyala chisankho cha chaka chimenecho, ndipo lamulo lomwelo ndi lomwe linadzasokoneza zinthu mu 2014. Lamulo la zaka nalonso likhoza kubwera chifukwa choti wolamula akuopa mdani wake wachikulire. Ndipo wolamula akakalamba yekha amalichotsa: ku Uganda, malire a zaka 75 anachotsedwa mu Disembala 2017, a Yoweri Museveni atatsala pang'ono kuwafika.

Ukalamba si wounyalanyaza

Izi sizikutanthauza kuti zaka zilibe kanthu. Aliyense amene wasamalirapo kholo lokalamba akudziwa kuti thupi limatha. Matenda a mtima, sitiroko, khansa ndi matenda oiwalaiwala amachuluka munthu akamakula, ndipo wa zaka 80 akagwa sadzuka msanga ngati wa zaka 50. Pulezidenti sasankhidwa kuti agwire ntchito ya tsiku limodzi. Amapatsidwa zaka zisanu, choncho wovota ayenera kuganizira osati mmene munthuyo alili pa tsiku la msonkhano, koma mmene adzakhalire chaka chachinayi ndi chachisanu.

Choopsa kwambiri pa mtsogoleri wofooka si imfa ayi, chifukwa akamwalira wina amalumbira. Choopsa ndi nthawi imene ali moyo koma sangathenso kugwira ntchito, pomwe mphamvu zimagwera m'manja mwa anthu omwe palibe anawavotera: achibale, alangizi, ndi aliyense wosunga kiyi wa chitseko cha kuchipinda. Ku Malawi, Dr Hastings Kamuzu Banda atachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku Johannesburg mu Okutobala 1993, dziko linayendetsedwa kwa kanthawi ndi khonsolo ya anthu atatu: a Gwanda Chakuamba, a John Tembo ndi a Robson Chirwa. Kwa zaka zingapo izi zisanachitike, Amalawi ankanong'onezana kale kuti woyendetsa dziko weniweni si Ngwazi. Ku Zimbabwe, mu Seputembala 2015, a Robert Mugabe ali ndi zaka 91 anawerenga m'Nyumba ya Malamulo mawu omwe anali atawerenga kale mwezi wapitawo, mpaka kumaliza. Patatha zaka ziwiri, mkangano wa olowa m'malo unatulutsa asilikali m'misewu ya Harare. Ku Nigeria, a Yar'Adua anakhala miyezi pafupifupi itatu ku Saudi Arabia osasiyira wachiwiri wawo mphamvu, mpaka aphungu anachita kulowererapo mu Febuluwale 2010.

Ngakhale ku America, komwe kuli madokotala ndi atolankhani ambirimbiri, zinatengera mtsutso wa pa TV wa pa 27 Juni 2024 kuti anthu aone okha mmene a Joe Biden afookera. Anasiya mpikisano pa 21 Julayi ali ndi zaka 81.

Palinso nkhani ya kusiyana kwa mibadwo. Kalembera wa 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni m'Zambia, ndipo ambiri mwa iwo sanafike zaka 35. Mnyamata wa ku Nyimba yemwe anamaliza Giredi 12 koma akukwezabe anthu panjinga yamoto ali ndi ufulu wofunsa ngati munthu wobadwa nthawi ya atsamunda akumvetsa mavuto ake. Komabe ovota sasankha motsata chaka chobadwa. Achinyamata a ku Copperbelt ndi ku Lusaka ndiwo anakweza a Sata mu 2011. Ku Malawi, komwenso achinyamata ndiwo ochuluka, anthu pa 16 Seputembala 2025 anabwezera pampando a Peter Mutharika ali ndi zaka 85, ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100 aliwonse, ngakhale nkhani ya msinkhu wawo inali pakamwa pa aliyense nthawi ya kampeni. Chomwe chinalemera pa sikelo ya ovota chinali mtengo wa chimanga ndi feteleza komanso mizere ya mafuta. Lamulo la malire likanawalanda ovotawo chisankho chomwe anachipanga maso ali otseguka.

Chifukwa chake timakhala chete

Ngati vuto lalikulu ndi kubisa, tiyenera kuvomereza kuti kubisako kuli ndi mizu m'chikhalidwe chathu. Pakati pa Ansenga ndi Achewa, kufunsa poyera za matenda a munthu wamkulu kumamveka ngati kumulosera imfa. Wodwala ngakhale ali kayakaya, pomupatsa moni yankho limakhala lakuti akupezako bwino. Mwana wofunsitsa amadzudzulidwa kuti alibe mwambo, ndipo wodwalayo akamwalira, wofunsitsa uja angathe kulozedwa chala. Ndi ulemu wabwino pakhomo, chifukwa umateteza wodwala ku miseche.

Tinazoloweranso ufumu, komwe mfumu imakhala pampando mpaka imfa. Koma ufumu uli ndi njira zake zodzitetezera. Mfumu ikakalamba, nduna zimaweruza milandu m'dzina lake anthu onse akudziwa, ndipo mbumba imadziwa kale mzere womwe wolowa ufumu adzachokere. Pulezidenti si mfumu. Ndi wantchito wolembedwa ndi ovota kwa zaka zisanu, wolamula asilikali, wosaina ngongole zomwe adzabweze ndi adzukulu. Tinatengera ku ndale ulemu wa kuufumu, koma tinasiya m'mbuyo njira zake zoonetsetsa kuti mudzi usaime.

Pamwamba pa mwambo panali mantha. Kwa zaka zambiri gawo 69 la Penal Code linkati kunyoza pulezidenti ndi mlandu wokalowa nawo kundende, ndipo munthu wamba sankadziwa pomwe funso limathera ndi pomwe kunyoza kumayambira. Gawoli linachotsedwa mu Disembala 2022. Ku Malawi chinsinsi chinafika pachimake mu 2012: a Bingu anamwalira pa 5 Epulo, thupi lawo linatumizidwa ku South Africa ngati akadali moyo, nduna zina zinaonekera pa TV usiku kunena kuti wachiwiri wawo, mayi Joyce Banda, sangalowe m'malo, ndipo boma linalengeza za imfayo pa 7 Epulo.

Chodabwitsa n'chakuti atsogoleri omwe analankhula poyera sanataye ulemu. Mu 1987, nthawi yomwe matendawa ankangotchulidwa monong'ona, a Kaunda anauza dziko kuti mwana wawo Masuzgo anamwalira ndi Edzi. Mu 2020 a Rupiah Banda analengeza okha kuti ali ndi khansa ya m'matumbo. Anthu sanawaseke, anawapempherera.

Apa tiyeneranso kusamala kuti tisasandutse matenda kukhala mlandu. M'midzi ya ku Kaumbwe muli anthu ambiri omwe amakatenga mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV mwezi ndi mwezi, n'kumalimabe maekala a chimanga ndi mtedza, n'kumaphunzitsa ana. Kudwala si kulephera ntchito, ndipo kulumala si matenda a m'mutu. Funso loyenera si lakuti kodi munthuyu amamwa mapilitsi, koma lakuti kodi angathe kumva nkhani, kuiganizira, kugamula, n'kukumbukira mawa zomwe wagamula lero.

Zomwe malamulo anakonza ndi zomwe anasiya

Maliro a 2008 ndi 2014 anaphunzitsa Zambia kanthu. Malamulo osinthidwa omwe a Lungu anasaina pa 5 Januwale 2016 anabweretsa dongosolo loti wofuna upulezidenti aime pamodzi ndi womutsatira. Pulezidenti akamwalira kapena akachoka, wachiwiri wake amalumbira n'kumaliza nthawi yotsalayo popanda chisankho china. Uku kunali kutseka dzenje lalikulu kwambiri.

Malamulo omwewo amati munthu sangaime ngati ali ndi vuto la m'thupi kapena la m'maganizo loti lingamulepheretse kugwira ntchito za pulezidenti. Koma pa zofunika kupereka polembetsa, monga satifiketi ya Giredi 12, umboni wa misonkho, ndondomeko ya chuma chake ndi omuchitira umboni 100 m'chigawo chilichonse, kuyezedwa ndi madokotala osakondera mbali sikunaikidwe ngati khomo lomwe aliyense ayenera kudutsapo.

Pulezidenti akafooka ali kale pampando, njira ilipo koma ndi yopapatiza. Kale, nduna ndizo zinkayenera kuyambitsa nkhani yoti madokotala amuyeze, kutanthauza kuti anthu osankhidwa ndi pulezidentiyo ndiwo amayenera kumuuza kuti watha. Palibe nduna inayerekeza mu 2008 kapena mu 2014. Tsopano nkhaniyi imayambira m'Nyumba ya Malamulo: phungu woiyambitsa ayenera kukhala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a aphungu kumbuyo kwake, ndipo magawo awiri mwa atatu avomereze, kenaka Chief Justice asankhe gulu la madokotala osachepera atatu. Ndi bwino kuti njirayi isakhale yophweka, kuopa kuti andale angaisandutse chibonga. Koma chipani cholamula chikakhala ndi aphungu ambiri, n'kovuta kuganiza kuti iwo angavotere zoyeza bwana wawo.

Mayiko ena anayesa njira ina. Ku Benin malamulo amafuna kuti woima akhale wa zaka za pakati pa 40 ndi 70, komanso ayezedwe ndi madokotala atatu olumbiritsidwa osankhidwa ndi khoti loona za malamulo aakulu a dziko. Gawo la madokotalali ndi loyenera kuliganizira, chifukwa limagwira onse mofanana, wamng'ono ndi wamkulu yemwe. Koma pepala la dokotala nalonso lingathe kunama. A François Mitterrand a ku France anapezeka ndi khansa mu 1981, chaka chomwe analowa pampando, koma kwa zaka zoposa khumi malipoti a thanzi lawo ankatuluka osatchula matendawo. Dokotala wolipidwa ndi wodwala wamphamvu amalemba zomwe wauzidwa. Kuti kuyezako kukhale ndi phindu, madokotala asasankhidwe ndi woyezedwayo kapena ndi boma lolamula, aziyeza onse oima, azibwereza chaka ndi chaka kwa wopambana, ndipo azilengeza chinthu chimodzi chokha: angathe ntchito kapena sangathe. Zina zonse za m'thupi mwake zikhale zake.

Dzina lachiwiri

Wokwera basi kuchokera ku Petauke kupita ku Lusaka safunsa chaka chomwe dalaivala anabadwa. Podziwa makhotolo a ku Manenekela, chomwe amafuna kudziwa n'chakuti woyendetsayo akuona bwino, wagona mokwanira, ndipo pali mnzake wodziwa chiwongolero woti angalandire zikavuta.

Funso lomalizali ndi lomwe ovota ambiri amaliiwala. Kuyambira 2016, voti ya pulezidenti ndi voti ya anthu awiri. Mayi Inonge Wina anaima ndi a Lungu chaka chimenecho ali ndi zaka 75, okulirapo kuposa pulezidenti yemwe. Mu 2021 a Hichilema anaima ndi mayi Mutale Nalumango. Zipani zimasankha womutsatira poyang'ana chigawo chomwe akuchokera, mpingo wake, kapena kuti ndi mayi, ndipo nthawi zina poyang'ana kuti ndi munthu wosaopsa kwa bwana. Koma m'dziko lomwe apulezidenti awiri mwa asanu ndi awiri osankhidwa ndi anthu anafera pampando, womutsatira ayenera kuyesedwa ngati pulezidenti weniweni. Woima akakhala wachikulire kapena wodziwika kuti amadwaladwala, dzina lachiwirili limalemera kwambiri. Ndipo wachinyamata nayenso si chitsulo: a Saulos Chilima, wachiwiri kwa pulezidenti wa Malawi, anamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 Juni 2024 ali ndi zaka 51.

Zipani nazo zili ndi mlandu. Zambiri zimamangidwa pa munthu mmodzi, ndipo iye akagwa chipani chimabalalika, monga zinachitikira PF mu 2014. UPND inakumana ndi zofanana a Anderson Mazoka atamwalira mu Meyi 2006, chisankho chitatsala miyezi inayi, ndipo mkangano wa wolowa m'malo unachotsa ena mwa akuluakulu ake. Mtsogoleri yemwe amakana kulera womulowa m'malo, kaya ali ndi zaka 45 kapena 85, akuika dziko pachiswe.

Pali mfundo ina yomwe anthu akumudzi amaiona msanga kuposa a m'tauni. A Mwanawasa anamwalirira ku France, a Sata ku London, a Mazoka ndi a Lungu ku South Africa. Wodwala wa ku Kaumbwe amayamba ndi kiliniki ya pafupi, zikakula amamutumiza ku Minga kapena ku Kalindawalo General Hospital, zikapitirira ndiye ulendo wa makilomita pafupifupi 400 kupita ku chipatala cha UTH. Ngati msonkho wa munthu ameneyu ndi womwe umalipira ndege ndi bedi la mtsogoleri kunja, kumuuza zoona za mmene mtsogoleriyo alili ndi ngongole yomwe boma liyenera kumubwezera.

Choncho zaka zokha zisatsekereze munthu, ndiponso zisamutchinjirize ku mafunso. Wofuna mpando akabwera ku Petauke kapena ku Nyimba, ovota aone ngati akuyenda yekha m'madera kapena akungotumiza nthumwi ndi zitenje, ngati akuyankha mafunso osakonzekera kapena akungowerenga zolembedwa, ngati akuvomera kukhala pamtsutso ndi anzake. Oimba foni pa wailesi ya PASME kapena Breeze FM afunse oimira zipani kuti mtsogoleri wawo ali wokonzeka kuyezedwa ndi madokotala osakondera, ndiponso kuti womutsatira anagwirapo ntchito yanji yosonyeza kuti angayendetse dziko. Aphungu, kuphatikizapo wa ku Kaumbwe, ali ndi mphamvu yokankhira lamulo lokakamiza boma kulengeza pulezidenti akagonekedwa m'chipatala ndi kunena yemwe wagwirizira mpando. Mafunso amenewa angafunsidwe mwaulemu wonse wa kwathu, mogwada ndi mowomba m'manja. Woima amene akwiya nawo wawathandiza kale ovota kudziwa mmene adzachitire tsiku lomwe adzadwale ali ku State House.